Ndatenga ana amasiye a mng'ono wanga, kodi boma limalipira?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Dómuè, m'boma la Angónia: "Mng'ono wanga wamwalira chaka chino titangotha kukolola. Mwamuna wake anali atatsogola kale chaka chatha, ankagwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize. Asiya ana atatu, mtsikana wa zaka 13, mnyamata wa zaka 8 ndi kamwana koti kangoyamba kuyenda, ndipo onse ali kwa ine. Alamu anga a ku Johannesburg akuti kumeneko boma limalipira mwezi ndi mwezi munthu wolera mwana wamasiye. Ena kuno akuti kuti ndilandire ndalamazo ndiyenera kukalembetsa anawa ku khoti kuti akhale anga enieni. Kodi zoona ndi ziti, ndipo ndiyambire pati?"

Mayi, pepani ndi maliro awiri otsatizanawo.

Alamu anu sananame, koma anena za dziko la eni. Kuno ku Mozambique kalata ya ku khoti yokupatsani ana sibwera ndi malipiro. Imakupatsani mphamvu yowaimira kusukulu, kuchipatala, ku banki ndi pa nkhani za chuma cha makolo awo, basi. Thandizo la ndalama limadzera khomo lina, la bungwe la boma lothandiza osauka, Instituto Nacional de Acção Social, lomwe tonse timangoti INAS, ndipo kumeneko sayang'ana kuti khoti lakutchani ndani. Amayang'ana umphawi wa pakhomo. Choncho muli ndi maulendo awiri osiyana, ndipo poti bambo a anawa anali pantchito yolembedwa, pali ulendo wachitatu womwe mwina ungakupindulireni kuposa enawo.

Tiyambe ndi za ku Joni, kuti mukaonana ndi alamu anu musakangane. Ku South Africa kuli ndalama yotchedwa Foster Child Grant, yomwe bungwe la boma la SASSA limapereka kwa munthu amene khoti la ana lamupatsa mwana woti alere. Mu Epulo 2025 inafika pa marandi 1,250 pamwezi pa mwana mmodzi, pomwe ndalama wamba ya mwana wa m'banja losauka inali marandi 560. Kusiyana kumeneku kunachititsa kuti agogo ndi azakhali ambirimbiri athamangire ku makhoti, makamaka m'zaka zomwe Edzi inkasiya ana amasiye nyumba iliyonse, mpaka ana olandira ndalamayi anapitirira 500,000. Chigamulo cha khoti chinkafunika kuchiwonjezera pakatha zaka ziwiri zilizonse, ogwira ntchito zosamalira anthu anali ochepa, zigamulo zambiri zinkatha mphamvu zili mu mafayilo, ndipo mu 2011 khoti lalikulu linachita kulowererapo kuti ana asadulidwe ndalama. Mu 2022 boma lawo linatsegula njira yachidule: wachibale wolera mwana wamasiye amalandira ndalama wamba ija kuphatikizapo kena kowonjezera, osadzera ku khoti.

Ku America nako ndalama zilipo, pansi pa gawo la lamulo lotchedwa Title IV-E lomwe linakhazikitsidwa mu 1980. Boma lalikulu limabweza theka kapena kuposerapo la ndalama zomwe chigawo chawononga posamalira mwana, koma pokhapokha woweruza atalemba kuti mwanayo sakanatha kukhalabe kwawo, kuti aboma anayesetsa kuti asachotsedwe, komanso nyumba yomwe wapitako iyenera kukhala yovomerezeka. Banja lomwe latenga mwana wovuta kumupezera makolo, monga wolumala kapena wamkulu kale, limathandizidwanso, bola pangano lake ndi boma lisainidwe khoti lisanagamule. Ndatchula zimenezi chifukwa nkhani za pa Facebook zoti "azungu amalipidwa akatenga mwana" zimachokera kumeneko, ndipo zikamafika ku Ulónguè, likulu la boma la Angónia, zimakhala zitasanduka lonjezo la boma lathu.

Tsopano za kwathu. Lamulo la banja, lomwe linatuluka mu 2004 n'kukonzedwanso mu 2019 kukhala Lei 22/2019, limatchula njira zitatu zopezera mwana wopanda makolo pokhala. Mayina ake ndiwasiya m'Chipwitikizi chifukwa ndi omwe mukawamve ku ofesi: tutela, família de acolhimento ndi adopção. Zonse zitatu amagamula ndi khoti, pambuyo poti a Acção Social, antchito a boma osamalira anthu, afika pakhomo, aona mmene mukukhalira ndi kulemba lipoti. Ndondomeko yake inafotokozedwa mu Decreto 33/2015.

Tutela ndi yomwe ikukuyenerani. Khoti limasankha munthu woimira makolo, limamva kaye maganizo a abale, ndipo limayamba kuyang'ana pakati pa achibale omwewo. Mwana sasintha dzina, sachoka mu mtundu wa bambo ake kapena wa mayi ake, ndipo chuma chomwe makolo anasiya chimakhalabe chake. Inu mumangochisunga, ndipo khoti lingakufunseni kuti mwayendetsa bwanji. Família de acolhimento ndi ya mwana amene sizinatheke kumupezera tutela kapena adopção, kawirikawiri wopanda mbale wodziwika, ndipo amapita ku banja lomwe si lake. Inu ndinu mayi awo aakulu, choncho imeneyo si yanu.

Adopção ndi ija anthu akukuuzani kuti "akhale anu enieni", ndipo pamenepa ndikupemphani mudekhe. Ikagamulidwa, mwana amakhala wanu ngati wobala nokha. Amatenga dzina la banja lanu, amalowa pa chuma chanu mofanana ndi ana anu, ndipo ubale wake wa mwalamulo ndi banja lomwe anabadwiramo umaduka. Sibwezedwa chifukwa choti mwasintha maganizo. Lamulo limafuna kuti okwatirana akhale atatha zaka zoposa zitatu ali limodzi, wotenga yekha akhale woposa zaka 25, ndipo kupatula pa zifukwa zina, asakhale atafika zaka 50. Pamakhala nthawi yozolowerana yosachepera miyezi isanu ndi umodzi aboma akuyendera pakhomo, ndipo mwana woposa zaka 12 amafunsidwa ngati akuvomera. Mtsikana wanu wamkuluyo ali m'gulu limenelo.

Pa ndalama, adopção ndi njira yomwe imakusenzetsani katundu yense. Mwa zina zomwe khoti limafuna kuona musanapatsidwe mwana ndi zoti muli nazo zomulerera. Mungapite bwanji kwa woweruza kukanena kuti ndili nazo zokwanira, mawa lake n'kupita ku INAS kukanena kuti ndatenga ana ndiye ndilipireni? Amene anakuuzani zimenezi anasakaniza nkhani ya ku America ndi ya kuno.

Palinso mbali ya kumudzi yomwe lamulo silingakuthetsereni. Ku Angónia kuli mabanja achingoni omwe amati ana a mkazi wolowoledwa ndi a kuchimuna, ndipo kuli mabanja achichewa, ngati a ku Macanga ndi ku Chifunde, omwe amati ana ndi a mwinimbumba, atsibweni awo. Khoti silitsata chilichonse mwa ziwirizi mwakhungu, limayang'ana komwe mwana akhale bwino. Koma kalata yomwe mwakatenga mobisa, azakhali awo a kuchimuna n'kudzamva kwa anthu, imabala mlandu wosatha, makamaka ikadziwika kuti pali ndalama za ku migodi. Itanani mbali zonse ziwiri, a mfumu akhalepo, mugwirizane kuti ana akhala kwa inu onse atatu pamodzi, ndipo zomwe mwagwirizanazo zilembedwe, onse asaine kapena adinde chala. Pepala limenelo likakuthandizani kwambiri pamaso pa woweruza. Ndanena kuti onse atatu pamodzi chifukwa pa misonkhano yotere mtsikana wa zaka 13 ndi amene aliyense amamufuna, poti atunga madzi ndi kulera ana, pomwe kakhanda palibe amakapempha. Muchenjere ndi wachibale wa ku tauni yemwe angati "ndimutenga ndikamuphunzitse". Ndipo wina akayamba kunena za kumupezera mwamuna kuti pakhomo papepuke, dziwani kuti kuyambira 2019, ndi Lei 19/2019, kukwatitsa mwana wosafika zaka 18 ndi mlandu womangitsa, ndipo wolera nayenso amamangidwa.

Kuti muyambe, pitani ku ofesi ya boma yoona za umoyo, amayi ndi chisamaliro cha anthu ku Ulónguè, ija amaifupikitsa kuti SDSMAS, mukafunse wa Acção Social. Tengani chitupa chanu, makalata a imfa a makolo onse awiri, makalata a kubadwa a ana, ndi kalata ya a mfumu kapena a sekeletale a m'dera yotsimikiza kuti ana ali kwa inu. Pempho la tutela limapita ku khoti, Tribunal Judicial, ndipo kumeneko kuli woimira boma pa milandu amene ntchito yake ina ndi kuyang'anira zofuna za ana, amamutcha curador de menores. Ngati mulibe ndalama ya loya, bungwe la boma la IPAJ limathandiza osauka kwaulere, ndipo kalata yotsimikiza umphawi, atestado de pobreza, ndi yomwe imatsegula khomo limenelo.

Pomwe ambiri amagwa ndi pa makalata a kubadwa ndi a imfa. Kumidzi ya m'malire ana ambiri anabadwira ku chipatala cha ku Dedza kapena ku Ntcheu chifukwa ndiko kunali pafupi, ndipo ali ndi khadi la sikelo la ku Malawi lokha, ku Registo Civil, kaundula wa boma wa kubadwa ndi imfa, sanalembedwe. Munthu akamwalirira pakhomo timaika maliro tsiku lotsatira, zolembetsa imfa palibe amaziganiza. Popanda mapepala awiriwa, mwana sangaonetse kuti ndi wa malemuyo, ndipo sangaonetse kuti malemuyo anamwaliradi. Ngati pali losowa, yambani ndi limenelo ku Conservatória, ofesi ya kaundula ameneyu, mutenge mboni zodziwa banjalo. Onetsetsaninso kuti dzina la bambo lalembedwa pa kalata ya mwana aliyense, ndipo lalembedwa mofanana ndi mmene lilili pa chitupa chawo cha kuntchito. Maina athu akamalembedwa ndi mlembi wachipwitikizi amasintha zilembo, ndipo kusiyana kwa chilembo chimodzi kumabweza munthu ku Tete ulendo wonse.

Ulendo wachitatu uja ndi uwu. Munthu wolembedwa ntchito pa kampani amadulidwa ndalama mwezi uliwonse kupita ku Instituto Nacional de Segurança Social, INSS: wantchito amapereka 3 pa 100 ya malipiro ake, bwana n'kuwonjezera 4 pa 100. Wantchitoyo akamwalira atasonkha kwa nthawi yomwe lamulo limafuna, ana ake amakhala ndi ufulu wolandira penshoni ya otsala, pensão de sobrevivência, kufikira zaka 18, ndipo imapitirira ngati mwana akadali pa sukulu ya pamwamba. Pamakhalanso ndalama ya imfa yoperekedwa kamodzi. Iyi si mphatso ya boma yodikira kuti bajeti ilole, ndi thukuta la bambo awo. Fufuzani m'katundu wa mng'ono wanu ngati muli khadi la INSS, mapepala a malipiro kapena kalata ya ntchito. N'kutheka kuti mng'ono wanuyo anali atayamba kale kulandira monga mkazi wamasiye. Ngati ndi choncho, musangopitiriza kutapa ndi khadi lake la ku banki ngati kuti akadali moyo, chifukwa zikadziwika mudzauzidwa kubweza ndipo mungaimbidwe mlandu. Kanene za imfayo, mupemphe kuti gawo la ana lizibwera kudzera mwa wowaimira. Apa ndi pomwe kalata ya tutela imagwira ntchito yake yeniyeni: siibala ndalama, koma popanda iyo ofesi ilibe umboni woti ndalama ya ana aipereke m'manja mwanu osati mwa wachibale wina aliyense amene wafika ndi nkhope yachisoni. Musazengereze nazo, zopempha za mtundu uwu zimakhala ndi nthawi yake. Ku migodi ya ku Moatize ambiri amalembedwa ndi makampani ang'onoang'ono ogwirira ntchito kampani yaikulu, choncho dzina lofunika ndi la kampani yomwe ili pa pepala la malipiro. Kwa ena owerenga amene kholo linali mphunzitsi, namwino kapena wapolisi, penshoni ya antchito a boma ili ndi ofesi yakeyake, INPS.

Tibwere ku INAS. Thandizo la ndalama kwa osauka linayamba mu 1990 m'mizinda, nkhondo isanathe, ndipo INAS inakhazikitsidwa mu 1997 kuti iliyendetse. Lero pulogalamu yaikulu ndi Programa Subsídio Social Básico, PSSB, yomwe kumudzi timaidziwa ngati ndalama za nkhalamba. Mitengo yomwe inakhazikitsidwa mu 2018 ndi mametikali 540 pamwezi kwa nyumba ya munthu mmodzi, 640 kwa awiri, 740 kwa atatu, 840 kwa anayi, ndi 1,000 kwa asanu kapena kuposerapo. Onani bwino: imawerengedwa pa nyumba, ndipo ikafika pa 1,000 yaima, kaya muli asanu kaya khumi. Malamulo a chaka chomwecho, Decreto 47/2018, anawonjezera ana pa gulu la oyenera kuthandizidwa: ana a zaka ziwiri kutsika pansi, ana amasiye okhala m'mabanja osauka, ndi ana omwe akulera anzawo okha. Ya ana aang'ono, mametikali 540 pamwezi, inayambira m'maboma ena a ku Nampula mu 2018 ndipo imafalikira boma ndi boma, choncho mukafunse za kamwana kanu kakang'onoko nthawi isanathe, chifukwa kakakwanitsa zaka ziwiri mwayi umenewo wapita.

Kukhala m'gulu lotchulidwa m'malamulo si kulandira. Chaka chilichonse INAS imapatsidwa chiwerengero cha anthu oti ithandize malinga ndi bajeti ndi zomwe abwenzi akunja aikapo, ndipo oyenera amachuluka kuposa malo. Mayina amatoleredwa ndi munthu wa m'mudzi momwemo yemwe amamutcha permanente, mothandizana ndi atsogoleri a dera, kenako a INAS amabwera kudzaona. Amayang'ana ngati pakhomo pali munthu wamphamvu zogwira ntchito. Mayi wa mphamvu zake, wokhala ndi mwamuna, munda wa chimanga ndi dimba la mbatatesi, kawirikawiri amaikidwa kumbuyo kwa gogo wa zaka 70 yemwe wasiyiridwa zidzukulu zinayi. Zimawawa, koma ndalama zikachepa ine sindiona njira ina yachilungamo yogawira. Ngakhale olembedwa kale, m'zaka zaposachedwapa akhala miyezi yambiri osalandira, ndipo nkhaniyi yakhala ikulembedwa m'manyuzipepala. Lembetsani ndithu, ndi ufulu wanu kupempha, ndipo kulembetsa n'kwaulere: wina akakuuzani kuti mupereke kangachepe kuti dzina lilowe, ameneyo akukuberani. Koma bajeti ya pakhomo muipange ngati kuti ndalamayo kulibe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Pulogalamu ina yomwe anthu saifunsa kwenikweni ndi Programa Apoio Social Directo, PASD. Iyo sipereka malipiro okhazikika, imathandiza ndi zinthu pa nthawi ya vuto: chakudya, zipangizo za olumala, ndi mkaka wa makanda omwe mayi awo amwalira kapena sangathe kuyamwitsa. Kamwana kosiyidwa kakuyamwa kamatsika sikelo msanga. Pitani nako ku chipatala mwezi uliwonse, ndipo anamwino akaona kuti kakunyentchera, iwo ndi amene amalemba kalata yokutumizani ku Acção Social. Ngati makolo anamwalira atadwala nthawi yaitali, kayezetseni ana onse atatu. Mankhwala otalikitsa moyo ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo mwana woyamba kumwa msanga amakula ngati anzake.

Kusukulu, lamulo la maphunziro la 2018 linati kuyambira kalasi 1 mpaka 9 mwana salipira ndalama yolembetsera. Kauzeni a dairekitala kuti awiriwo ndi amasiye, alembedwe m'kaundula wa sukulu, kuti pakabwera makope kapena yunifolomu za ana ovutika asaiwalike. Kupitirira kalasi 9, atestado de pobreza ija ndi yomwe mumapempha nayo kuti akuchotsereni zolipira.

Wina adzakuuzani kuti mukawasiye kumalo osungirako ana amasiye, kuti kumeneko amadya katatu ndipo azungu amatumiza zovala. Malamulo athu, kuyambira Lei 7/2008 yoteteza ufulu wa ana, amaika malo oterowo kumapeto, pamene m'banja mwalephereka, ndipo mwana salowamo popanda a Acção Social kudziwa. Pamenepa ndili ndi dandaulo langa pa kayendetsedwe ka zinthu. Kusunga mwana mmodzi m'nyumba ya ana amasiye kumadya ndalama zambiri kuposa kuthandiza mayi ngati inu kuti mumusunge pakhomo, komabe othandiza ambiri amakonda kumanga nyumba yokhala ndi chikwangwani kusiyana ndi kugulira mayi wa ku Dómuè matumba awiri a feteleza. Ngakhale ku America anazindikira zimenezi mochedwa: mu 2018 anakonza lamulo lawo lija kuti ndalama zina zizipita kothandiza banja mwana asanachotsedwe, ndi kuchepetsa zolipirira nyumba zosungira ana ambiri. Dziko lathu likadzapeza ndalama yothandizira olera ana amasiye, ndikanakonda litengere phunziro la ku South Africa, ndalamayo isamangiriridwe ku chigamulo cha khoti. Makhoti a m'maboma athu sangathe kuweruza nkhani ya gogo aliyense wa ku Tsangano ndi ku Macanga.

Poti muli pafupi ndi malire, wina angakunyengereninso kuti mukalembetse anawo kwa achibale a ku Dedza kuti alowe mu Mtukula Pakhomo. Pulogalamu imeneyo, yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006, ndi ya mabanja okhala ku Malawi, ndipo nayo imasankha osaukitsitsa opanda wogwira ntchito. Mwana wokhala ndi makalata a maiko awiri, maina osiyana ndi masiku obadwa osiyana, adzavutika tsiku lomwe adzafune chitupa, mayeso a boma kapena penshoni ya bambo ake.

Pa za munda ndi nyumba ya malemu: zolowa ndi za ana, osati za abale a mwamuna kapena anu. Lamulo la malo la 1997 limalola kuti ufulu wogwiritsa ntchito munda upite kwa ana monga cholowa, ndipo limavomereza umboni wa anthu a m'mudzi ngakhale palibe pepala la boma la mundawo, lotchedwa DUAT. Pa msonkhano wa banja uja, yendani m'malire a munda ndi a mfumu, mulembe zonse zomwe zatsala, ng'ombe, njinga yamoto, malata, ndipo pepala lina likhale kwa a mfumu, lina kwa a kuchimuna, lina mupite nalo ku khoti pamodzi ndi pempho lanu. Mukalima mundawo kapena kuubwereketsa, muzilemba m'kope zomwe zatuluka ndi zomwe mwagulira ana, chifukwa woweruza angadzafune kuliona kopelo.